NYUMBA ZOYENDA NDI MTSINJE WA MADZI OUNDANA

Ambiri mwa ife madzi oundana timawaona pakagwa matalala kapena mu firiji, ndipo tikawafumbata sachedwa kusungunuka. Koma kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi kuli malo kumene madzi oundana adadzaza zigwa zathunthu, ndipo akhala momwemo zaka mazanamazana. Anthu amayenda maulendo ataliatali kukawaona, ena atatenga nyumba zawo pa galimoto. M'phunziro lino tiona malo amodzi otere, otchedwa Exit Glacier, ndi zimene mlendo amaphunzira akafikako.

Malowa ali kuti?

Exit Glacier ili ku Alaska, chigawo cha dziko la Amereka chimene chili kumpoto chakumadzulo kwa Canada. Amereka idagula chigawochi kwa dziko la Russia m'chaka cha 1867. Munthu akachoka mu mzinda wa Anchorage amayenda makilomita pafupifupi 200 kulowera kummwera, n'kufika pa kadoko kotchedwa Seward. Kuchoka pamenepo patsala makilomita pafupifupi 20 okha. Malowa ali m'kati mwa Kenai Fjords National Park, dera lotetezedwa ndi boma limene lidakhala paki mu 1980, ndipo m'dera lonselo ndi pokhapa pamene pamafika msewu. M'nyengo yozizira msewuwo umakwiririka ndipo galimoto sizidutsa, choncho alendo ambiri amabwera pakati pa Juni ndi Ogasiti. Mu Juni dzuwa limakhala lili kunja maola oposa 18 pa tsiku.

Kodi madzi oundana angayende bwanji?

M'maiko ozizira, m'malo mwa mvula nthawi zina kumagwa chipale chofewa, choyera ngati ufa. Pamwamba pa mapiri a kumeneko chipale chimagwa chambiri kuposa chimene chimasungunuka. Cha chaka chino chimakwirira cha chaka chatha, ndipo kulemera kwake kumapsinja chapansicho mpaka kusanduka madzi oundana olimba ngati mwala. Akachuluka, kulemera komweko kumawakankhira kumunsi, nayamba kutsetsereka m'chigwa pang'onopang'ono, mosaoneka ndi maso. Mtsinje wotere pa Chingerezi amautcha glacier.

Gwero la Exit Glacier ndi Harding Icefield, thambalala la madzi oundana lalikulu pafupifupi masikweya kilomita 1,800, limene limatulutsa mitsinje yotereyi pafupifupi 40. Dzina lakuti Exit, kutanthauza potulukira, lidabwera mu 1968 pamene anthu amene adadutsa thambalalalo adatsikira pa mtsinje umenewu. M'ming'alu mwake madzi oundanawa amaoneka obiriwira ngati thambo, chifukwa akathinana kwambiri amameza mitundu ina ya kuwala, n'kusiya umenewu. Potsetsereka amapera miyala yapansi monga mphero, n'chifukwa chake madzi otuluka kumapeto kwake amakhala otuwa.

Nyumba yoyenda

Alendo ambiri amabwera pa galimoto zimene kumeneko amazitcha RV. Kukula kwake zina zimafanana ndi minibasi, zina ndi basi yeniyeni. M'kati muli bedi, tebulo, mbaula ya gasi, firiji, bafa ndi chimbudzi. Ena ali ndi zawozawo, ena amachita kubwereka ndi ndalama ku Anchorage. Ubwino wake ndi wakuti kumalo kumene nyumba zogona alendo ndi zochepa komanso zodula, banja limagona pouma ndi kudziphikira lokha.

Komabe nyumba imeneyi ili ndi ntchito zake. Kawirikawiri imakhala ndi mathanki atatu: ya madzi abwino, ya madzi osamba ndi otsukira mbale, ndi ya zam'chimbudzi. Yoyamba ikatha, madzi atha basi. Ziwiri zinazo zikadzaza, n'koletsedwa kuzikhuthulira patchire kapena mumtsinje. Pali malo ake okonzedwa kumene zonyansazo zimatayidwa. Tsono wokhala m'nyumba yoyenda amaphunzira msanga kuwerengera madzi, gasi ndi mphamvu ya mu batire.

Galimoto ili ndi polekezera

Pafupi ndi Exit Glacier pali malo 12 omangapo matenti, ndipo munthu amafikapo wapansi atanyamula katundu wake. A nyumba zoyenda saloledwa kugona pamenepo. Ambiri amakagona ku Seward, m'mphepete mwa nyanja. Malo amenewo ali ndi mbiri yomvetsa chisoni. Pa 27 Marichi 1964, Lachisanu Loyera, chivomezi chachikulu chidagwedeza Alaska. Mbali ina ya gombe la Seward idagumukira m'nyanja, mathanki a mafuta adayaka, ndipo mafunde adasesa zotsala. Poona kuti nthakayo si yodalirika kumangapo nyumba zolemera, adaisandutsa malo opumulirako ndi oimikapo nyumba zoyenda.

M'mawa mlendo amayendetsa galimoto mpaka pamene msewu wathera, n'kuyamba wapansi. Pali tinjira tafupi topita pamene munthu amauona bwino mtsinjewo. Olimba miyendo amatsata njira yokwera ku Harding Icefield, ya makilomita 13 kupita ndi kubwera, yokwera mtunda pafupifupi mamita 1,000. Ulendowu umatha maola 6 mpaka 8.

Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Oyang'anira malowa ali ndi malangizo amene wanzeru amamvera. Choyamba, osayandikira khoma la madzi oundana, pakuti zibuma zolemera zimagumuka popanda chenjezo. Chachiwiri, osakwera pamwamba pake popanda wotsogolera ndi zida zoyenera, chifukwa pali ming'alu yakuya. Chachitatu, kutenga zovala zofunda ndi zoteteza ku mvula ngakhale dzuwa likuwala, poti mphepo yotsika pa madzi oundana imazizira koopsa. Chachinayi, kukumbukira kuti eni tchire ndi zimbalangondo. Zimamva fungo la chakudya kutali, choncho a m'matenti amaphikira ndi kusunga chakudya pamalo amodzi, kutali ndi pogona. Chimbalangondo chikazolowera zakudya za anthu chimayamba kuvuta, ndipo mapeto ake chimaphedwa chifukwa cha kusasamala kwa alendo.

Zikwangwani zolembedwa zaka

Phunziro lalikulu la malowa lili pa zikwangwani. Mlendo asanafike n'komwe poimika galimoto amaona chikwangwani chaching'ono cholembedwa 1815. Sichinena za mtunda, koma chikusonyeza pamene mtsinje wa madzi oundana unkalekezera m'chaka chimenecho. Lero pamenepo ndi nkhalango. Akamapitirira amapeza zikwangwani zina, monga cha 1917, cha 1951 ndi cha 2005, chilichonse chili kumtunda kwa chinzake. Kuyambira 1815 mapeto a mtsinjewu abwerera m'mbuyo makilomita oposa 2, ndipo m'zaka zaposachedwa kubwererako kwafulumira.

Tisasokonezeke apa: madzi oundanawo sakwera phiri. Akutsetserekabe kumunsi, koma kumapeto akusungunuka msanga kuposa mmene ena akubwerera kuchokera kumtunda. Zili ngati nkhokwe imene mukutapamo zambiri kuposa zimene mukuthiramo. Pamene achokapo pamayamba patsala miyala yokhayokha, kenaka ndere ndi timaluwa, kenaka zitsamba zotchedwa alder zimene zimawonjezera chonde m'nthaka monga zichitira nyemba, ndipo pomaliza mitengo ikuluikulu. Mlendo poyenda amakhala akuwerenga zaka pa zomera.

Akatswiri a sayansi adapeza kuti dziko likutentha chifukwa cha mpweya wotuluka tikamawotcha malasha, petulo ndi dizilo, ndipo kumpoto kukutentha mofulumira koposa. Mu Sepitembala 2015 Barack Obama, amene panthawiyo adali mtsogoleri wa Amereka, adayenda m'tinjira timeneti pofuna kuonetsa dziko vutoli. Si ku Alaska kokha: kuno ku Afirika madzi oundana a pa mapiri a Kilimanjaro, Kenya ndi Rwenzori nawonso akutha. Ndipo madzi osungunuka pa mitsinje yotereyi amathera m'nyanja zamchere, n'kukweza madzi ake.

Apa pali mfundo yovuta. Nyumba yoyenda ndi yolemera ndipo imamwa mafuta ambiri, motero utsi wake ukuthandizira kusungunula chinthu chomwe mwini wake wabwera kudzaona. Timati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ku Exit Glacier zinthu zatembenuka: alendo amabwera chaka ndi chaka, koma amene akukamuka ndi mwini mudzi.

Mafunso okambirana

1. Fotokozani mmene chipale chofewa chimasandukira mtsinje wa madzi oundana.
2. N'chifukwa chiyani chakudya sichisungidwa m'tenti?
3. Kodi chikwangwani cholembedwa 1815 chimasonyeza chiyani?
4. Kodi n'koyenera kuyenda ulendo wautali pa galimoto yomwa mafuta ambiri kukaona chinthu chimene utsi ukuchiwononga? Perekani zifukwa mbali zonse ziwiri.