Bwanji atsikana amatsalira pa liwiro akatha msinkhu?

Kalata yoyamba kuwerengedwa pa wailesi usiku wina idachokera kwa mphunzitsi wa pulayimale ku Chiosya, m'boma la Mchinji. Iye adadandaula kuti mu Sitandade 4 atsikana ake amasiya anyamata fumbi lili koboo, koma pofika Sitandade 8 zimatembenuka. Kodi ndi ulesi?

Katswiri wa zamasewero adayamba waseka. "Aphunzitsi, anawo musawanamizire," adatero. Mnyamata akatha msinkhu, thupi lake limachulukitsa testosterone, ndipo minofu imakula, mtima umakula, magazi amanyamula mpweya wambiri. Mwana asanathe msinkhu kusiyanaku kumakhala kochepa zedi.

Ngakhale kwa akatswiri othamanga kusiyanaku kulipo, pafupifupi 10 peresenti. Usain Bolt adathamanga mamita 100 m'masekondi 9.58 ku Berlin mu 2009, pomwe Florence Griffith-Joyner adatenga 10.49 mu 1988. Mu 2023, Kelvin Kiptum adamaliza marathon ya makilomita 42 ku Chicago mu 2:00:35, Tigst Assefa ku Berlin mu 2:11:53. Mwamuna wamba amene angayese kulondola mayi Assefa, adatero katswiriyo, angakhale pansi asanamalize kilomita imodzi.

Kenaka kudabwera kalata ya mayi wina wa ku Chiosya komweko. Mwana wawo wamkazi ankapambana mipikisano ya sukulu, koma tsopano amangoti wefuwefu, ndipo azakhali ake akuti namwali sathamanga miyendo ili pamtunda.

Apa katswiri uja sadasekenso. Adati kupuma wefuwefu kwa namwali kumatha kukhala kuchepa kwa magazi chifukwa cha msambo kapena malungo. "Mayi, mukamuyezetse kuchipatala. Nyemba, bonongwe ndi usipa zisasowe m'mbale mwake." Za azakhaliwo adati maganizo otere ndi akale, ndipo si a kumudzi kokha: ku Olympics amayi adayamba kuthamanga marathon mu 1984, amuna atayamba kale mu 1896.

Kwa iye, mtsikana wa ku Chiosya amaluza zambiri pa mjigo ndi m'munda wa mtedza, anzake aamuna ali pabwalo, kuposa zomwe testosterone ikumulanda.

Nthawi itatsala pang'ono adakumbutsa omvera za Catherine Chikwakwa, mtsikana wa ku Malawi konkuno amene adatenga mendulo ya siliva pa mamita 5000 pa mpikisano wa achinyamata wa dziko lonse lapansi ku Grosseto, Italy, mu 2004.