Kapu ya pa habu yang'ambika, ndingayendebe?

Funso: Bambo makaniko, ndimanyamula usipa wouma pa Land Cruiser kuchoka ku Cóbuè kupita ku Metangula. Mwala wagunda kapu ya pa habu yakutsogolo, yang'ambika m'mbali ndipo gilisi akutuluka. Kodi ndingadikire mpaka ndidzapite ku Lichinga?
Dalaivala wa ku Metangula

Yankho: Achimwene, musaichedwetse nkhaniyi. Kapu imeneyo si yokongoletsa ayi, ndi imene imatchinga fumbi ndi madzi kuti zisafike pa maberingi. Msewu wanuwo ndi wadothi, ndipo mchenga wa kunyanja ukalowa mu gilisi umapala chitsulo ngati sandipepa.

Kwezani galimoto ndi jeki, gwirani tayala pamwamba ndi pansi, ligwedezeni. Likamagwedera, kapena likamalira mukalizungulitsa, beringi yadyeka kale. Chotsani kapuyo muone gilisi. Akakhala wotuwa, walowa madzi. Akamakhakhala pakati pa zala, ndi mchenga. Pamenepo kuthira gilisi watsopano pamwamba ndi kungotaya ndalama. Pitani kwa makaniko amasule zonse, atsuke ndi palafini, aumitse, ndiye apake wina.

Onaninso kotembenuza kolembedwa LOCK ndi FREE kaja. Kakathyoka, matayala akutsogolo sakoka, ndipo mudzazizindikira mutatitimira kale.

Podikira kukafika ku Lichinga, dulani chubu chakale, vindikirani pong'ambikapo, mangani ndi waya. Musawoloke mtsinje wozama. Muziima panjira n'kukhudza habuyo mosamala: ikatentha kuposa ya mbali inayo, musapitirize ulendo. Pogula kapu, mutengerenso gasiketi yake, pakuti yakale nthawi zambiri imang'ambika pomasula.