Kasungidwe ka sodium ascorbate kumadera a chinyezi

Sodium ascorbate ndi mchere wa vitamini C, ufa woyera wosungunuka msanga m'madzi. Alimi ena a mbewu amausungunula n'kunyikamo mbewu asanafese, pofuna kuti zimere mwamphamvu. Si poizoni woopsa, ndipo n'chifukwa chake ambiri amausunga mosasamala.

Ku Honde Valley ndi ku Chipinge, mvula ndi nkhungu zimene zimakometsa tiyi wa Eastern Highlands Plantations ndi Tanganda ndizonso zimawononga mcherewu. Ukakumana ndi chinyezi, mpweya ndi kuwala umagwirana mibulu, n'kusanduka wachikasu, kenako woderako. Pamenepo mphamvu yake yachepa; musaugulitse, chifukwa woluza ndi mlimi. Usungeni m'chigubu chotsekeka bwino chosalowa kuwala, pathandala, osati pasimenti.

Chimene ndimachiona kawirikawiri m'mashopu ndicho kuuika pashelefu imodzi ndi copper oxychloride. Kopa ndi chitsulo zimafulumizitsa kuwonongeka kwa vitamini C, choncho ndowa imene munasakaniziramo mankhwala a kopa siyenera. Tengani ndowa yapulasitiki yoyera, ndipo madziwo agwire ntchito tsiku lomwelo.

Choopsa chenicheni ndi kuuyandikiza ndi HTH kapena feteleza wa AN: zikasakanikirana zingathe kutentha mpaka kuyaka moto. Poyeza, valani magolovesi ndi chophimba kukamwa ndi mphuno, pakuti fumbi lake limathetha m'maso. Likakulowani, tsukani ndi madzi ambiri kwa mphindi 15. Chigubu chilichonse chikhale ndi dzina ndi tsiku limene munachitsegula.