PHUNZIRO 6: KODI NDANI ATSALE KU MOTO?

Tiwerenge: Luka 10:38-42, Genesis 18:1-10, Ntchito za Atumwi 6:1-7

Ife okhala m'tsinde mwa phiri la Michesi palibe angatiphunzitse kulandira alendo. M'mwezi wa Malichi 1991, pamene Napolo anatsika m'phirimu ndi madzi, matope ndi miyala, nakokolola midzi ndi kupha anthu mazanamazana, opulumuka anapeza pogona kwa abale, m'masukulu ndi m'matchalitchi. Zinateronso m'Malichi 2023 pa nthawi ya namondwe wa Freddy. Mphika wa banja limodzi unkadyetsa mabanja awiri kapena atatu. Khalidwe limeneli ndi chuma chathu, ndipo phunziro lino silikufuna kulichepetsa. Funso lathu ndi lina: mlendo akafika, ndani amakhala pansi kumva mau ake, ndipo ndani amatsala ku moto?

Zimene timaona

Taganizani za tsiku limene bambo mfumu akubwera kudzachita Misa ku tchalitchi chathu cha kumudzi. Amayi adzuka tambala woyamba. Ena apita ku mjigo, ena kukatola nkhuni, ena akusosola nkhuku. Thobwa anaphika dzulo. Ngati pali kalongonda ndiye basi, poti tonse tikudziwa kuti ameneyu sapsa msanga ndipo wosapsa bwino amapweteka; wina ayenera kumulondera tsiku lonse. Belu lalira, Mthenga Wabwino wawerengedwa, ulaliki watha, iwo ali kuseri kuja akupemerera moto. Ena amangothamangira m'tchalitchi pa nthawi ya kulandira Ukaristia, maso ali psuu ndi utsi. Mwayi wolapa wawadutsa, ndipo wansembe adzabweranso patapita milungu.

Misa ikatha pamakhala msonkhano. Akusankha komiti, akukambirana za mjigo umene wawonongeka, za mbewu, za kubzala mitengo m'mbali mwa phiri. Nthawi imeneyo amayi aja akuomola nsima. Pomwe azidzakhala pansi, zonse zatha kale, mayina alembedwa. Komatu kuno kwathu mudzi ndi munda zimatsata kuchikazi, ndipo wotunga madzi pa mjigowo ndi mayi yemweyo. Pa 8 Malichi 1992 maepiskopi athu anatulutsa kalata yofuna kuti Mmalawi aliyense akhale ndi ufulu wolankhulapo pa zomukhudza, ndipo pa 14 Juni 1993 amayi anafola nawo pa mzere wa riferendamu. Nanga ufulu umenewu ukumuthandiza chiyani munthu amene nthawi zonse nkhani zimakambidwa iye ali ndi mthiko m'manja?

Zimene Mau a Mulungu akunena

Ambiri tikamva nkhani ya Marita ndi Maria timafulumira kuweruza kuti Marita analakwa. Tisathamange. Eklezia amatiwerengera nkhaniyi pa Lamulungu la 16 la pa chaka, m'chaka C, pamodzi ndi ya Abrahamu amene analandira alendo atatu masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo kudzera mwa alendowo analandira lonjezo la mwana. Kuchereza alendo ndi ntchito yoyera. Abambo muwerenge bwino ndime imeneyi: Abrahamu, mkulu wa mudzi, anathamangira yekha ku ziweto kukasankha mwanawang'ombe, ndipo alendo akudya iye anaimirira pambali kuwatumikira. Sanangokhala pa mpando wandalema kufunsa ngati zapsa.

Marita ndiye analandira Yesu m'nyumba. Ambuye sanamudzudzule chifukwa chophika. Anamuitana dzina kawiri, monga timachitira ndi munthu amene timamukonda, namuuza kuti mtima wake wabalalika ndi zinthu zambiri pamene chofunika ndi chimodzi. Ntchito inachuluka mpaka mlendo anaiwalika. Mapeto ake Marita anakalipira mlendo yemweyo ndi kunenera mng'ono wake pamaso pa anthu. Kodi sizichitika m'makomo mwathu? Alendo achoka akuyamikira ndiwo, koma m'nyumba mwatsala kusalankhulana, ndipo mawa lake mwafika wa katapila.

Tionenso malo amene Maria anakhala. Kukhala pa mapazi a mphunzitsi anali malo a wophunzira. Paulo Woyera akunena kuti iye anaphunzira pa mapazi a Gamaliele. Maria, munthu wamkazi, anatenga malo amenewo, ndipo Yesu anakana kumubweza ku moto. Apa ndi pamene pagona phunziro lathu. Yesu sananene kuti anthu agone ndi njala. Anakana kuti wina alandidwe Mau a Mulungu chifukwa cha mphika. Ndipo Marita anamva. M'mutu 11 wa Yohane, mlongo wake Lazaro ali m'manda, ndi Marita amene anavomera poyera kuti Yesu ndi Khristu, Mwana wa Mulungu. Kuyambira 2021, mwa lamulo la Papa Francis, Eklezia amakumbukira Marita, Maria ndi Lazaro tsiku limodzi, pa 29 Julaye.

Atumwi nawo anakumana ndi vutoli pamene kugawa chakudya kwa amayi amasiye kunadzetsa madandaulo. Sanatseke nkhokwe, sanasiyenso kulalika. Anaitana gulu lonse, ndipo linasankha anthu asanu ndi awiri oyang'anira chakudya. Onsewo anali amuna.

Tichite chiyani?

Choyamba ndi kuchepetsa. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, koma ngongole imene tatenga chifukwa cha iye imagona nafe mpaka nandolo atacha. Nsima ya matemba kapena ya nandolo yoperekedwa ndi nkhope yosangalala ikwanira. Zambiri zimene timazitcha ulemu kwa alendo ndi mantha chabe oopa kunenedwa, mwinanso mpikisano ndi limana loyandikana nalo. Ansembe ndi akuluakulu a mpingo atithandize pamenepa ponena okha poyera kuti sakufuna phwando limene likulepheretsa akhristu kumva Misa.

Kenaka tigwirizane m'limana mwathu, ena amati mphakati, kuti chakudya chizipsa Misa isanayambe, miphika iphulidwe, onse alowe. Ngati pafunika wolondera, pakhale kusinthana, ndipo mayina a abambo ndi anyamata akhalepo pa mndandanda. Kuwaza nkhuni, kutunga madzi pa njinga ndi kutsuka mbale sikunachotsepo munthu ubambo. Msonkhano wa mpingo kapena wa chitukuko usayambe ophika asanakhale pansi. Mtsogoleri amene akuti nthawi yatha, amayi tidzawauza, akumanga mfundo za theka la mudzi.

Panyumba napo. Mlendo akafika m'mawa wa Lamulungu, mpatseni madzi ndi thobwa, mumuuze mwaulemu kuti tiyeni tikapemphere, tidzadya pobwera. Katekisimu wa Eklezia Katolika, pa nambala 2181, amavomereza kuti pali zifukwa zazikulu zolepheretsa munthu kupita ku Misa, monga matenda ndi kusamala makanda. Amayi amene mukudwazika, musadziimbe mlandu. Yesu mukumutumikira pa mphasa pomwepo. Koma kupha nkhuku ya alamu si matenda. Ndipo tisamale ndi mwana wamkazi: kawirikawiri ndi iye amajomba ku sukulu ndi ku katekisimu kukabwera alendo, mlongo wake atanyamula makope.

Mau amodzi kwa iwo amene akudziyesa Maria. Alipo ena tsiku ndi tsiku ali ku tchalitchi, ana kunyumba sanadye, munda uli thengo, ntchito yonse yagwera mnzawo. Kumeneko si kukhala pa mapazi a Yesu, ndi kuthawa khasu.

Mafunso okambirana

1. Ulendo watha pamene kunabwera wansembe kapena mlendo wa boma, ndani sanamve nawo Misa kapena msonkhano? Tiwatchule, ndipo ayambe ndi iwowo kulankhula.
2. M'komiti za tchalitchi ndi za mudzi wathu muli amayi angati? Anasankhidwa iwo alipo?
3. Pa maliro, pa ukwati ndi pa ubatizo, ndi ziti zimene timaphika chifukwa cha chikondi, ndipo ndi ziti timaphika chifukwa choopa pakamwa pa anthu?
4. Pa Misa ikubwerayi, ndi abambo ati amene atsale ku moto?