Achinyamata Ofufuza za Matenda a Maso

Inu amene mwabwera kuchipatala, mwina mudaonapo anyamata ndi atsikana akuyenda m'midzi pamodzi ndi alangizi a zaumoyo, atanyamula tochi ndi timagalasi tokuza zinthu. Amatembenuza chikope cha mwana, nayang'ana m'kati mwake, nalemba. Ameneŵa ndi ophunzira ntchito ya kafukufuku wa maso, ndipo ntchito yawo njofunika kuti muidziŵe bwino.

M'chaka cha 1983 madokotala adapima maso a anthu ambiri ku chigwa cha Shire, m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje. Mmodzi wa otsogolera anali Dr. Moses Chirambo, dokotala woyamba wa maso wa Chimalaŵi. Adapeza kuti ana ambiri anali ndi trachoma, ndipo ena maso awo anali kuuma chifukwa chosoŵa vitamini A m'zakudya. Trachoma ndi nthenda yofalitsidwa ndi ntchentche, manja akuda ndi nsalu zopukutira kumaso. Mwana akadwala kaŵirikaŵiri, chikope chimachita zipsera, ndipo akakula nsidze zimapindikira m'kati ndi kukanda diso mpaka munthu achita khungu. Amayi ndiwo amavutika kwambiri, popeza ndiwo amakhala ndi ana nthaŵi zonse.

Nthenda siingathe ngati sitidziŵa kumene yakhazikika. Pakati pa 2012 ndi 2016 anthu oposa 2.6 miliyoni adapimidwa maso m'maiko 29, ndipo Malaŵi adali nawo. Kuno kwathu ntchitoyi idayenda ndi Amalaŵi eni ake, motsogozedwa ndi akatswiri monga Pulofesa Khumbo Kalua wa ku Blantyre. Zotsatira zake zidasonyeza maboma ofunika mankhwala a azithromycin, opaleshoni ya zikope, madzi ndi zimbudzi. M'chaka cha 2022 bungwe la World Health Organization lidalengeza kuti trachoma yaleka kukhala vuto lalikulu la zaumoyo m'Malaŵi.

Koma ng'ala ikadalipo, ndiyo imachititsa khungu akuluakulu ambiri, ngakhale opaleshoni yake ndi yaifupi ndipo imabweza maso. Agogo ena amakhala m'nyumba zaka zambiri poganiza kuti ndi ukalamba chabe, ena amaopa mpeni, ena mtunda wopita kuchipatala. Zifukwa zotere sizipezeka m'mabuku a ku London. Amazipeza ndi wofufuza amene wakhala pakhonde ndi kufunsa m'chinenero chathu. Nchifukwa chake ophunzira a ku Kamuzu University of Health Sciences ndi a ku Mzuzu University ayenera kukhala ndi aphunzitsi owalangiza, zida, ndi thandizo la paulendo.

Mbali yanu nayi. Akafika m'mudzi, afunseni kalata yochokera ku ofesi ya zaumoyo ya m'boma, ndipo akufotokozereni chimene akufufuza asanapime munthu aliyense. Muli ndi ufulu wokana, ndipo kukana sikukulepheretsani kulandira chithandizo kuchipatala. Mukavomera, yankhani zoona. Ngati mudathira mankhwala a zitsamba m'diso, nenani, osabisa. Musasiye agogo osaona kuseri kwa nyumba. Atulutseni nawonso apimidwe.