Mafunso ndi Mayankho: Uloya wa ku England Kapena wa Kuno Kwathu?

Kalata yathu lero yachokera kwa mayi wachitsikana wa ku Area 25 ku Lilongwe. Akuti ali ndi digiri ya zachuma, mtima wawo uli pa uloya, ndipo amva kuti ku England munthu atha kukhala solicitor popanda digiri ya zamalamulo. Akufunsa ngati ndi zoona, komanso ngati akatero angadzagwirenso ntchitoyo kuno akadzabwerera.

Mayi, zimene mwamvazo ndi zoona, koma musanalipire tambala ku sukulu iliyonse, yambani mwasankha dziko limene mudzagwiremo ntchito, chifukwa chilolezo cha uloya chimathera pa malire a dziko limene lachipereka. Ku England ndi Wales maloya ali m'magulu awiri. Barrister ndiye amadziwika ndi kuyankhula m'mabwalo akuluakulu a milandu, pomwe solicitor ndi amene munthu amayamba kukumana naye: amalangiza, amalemba mapangano a malonda, amayendetsa zogula nyumba ndi za chuma cha masiye, ndipo nthawi yake yambiri imathera pa mapepala. Kuyambira mu 2021 bungwe loyang'anira ntchitoyi, Solicitors Regulation Authority, linakhazikitsa mayeso a SQE. Likufuna digiri ya phunziro lililonse, kukhoza SQE1 yomwe ili ndi mafunso 360 osankha yankho, kukhoza SQE2 yoyesa luso lofunsa kasitomala, kulemba ndi kuyimira mlandu, zaka ziwiri zogwira ntchito ya zamalamulo, ndiponso mbiri yabwino. Digiri yanu ya zachuma si chopinga.

Chopinga chenicheni chili pa ndalama ndi pa zaka ziwirizo. Mayeso okhawo amadya mapaundi oposa 4,000, osawerengera maphunziro okonzekera, omwe kawirikawiri amadula kuposa mayesowo. Munthu amene sanaphunzirepo zamalamulo n'kovuta kuti akhoze powerenga yekha madzulo. Zaka ziwirizo mutha kuzisonkhanitsa m'malo ogwirira ntchito osapitirira anayi, ngakhale kunja kwa England, bola solicitor wa ku England atsimikize kuti munagwiradi. Koma malo otere amalimbiranidwa ndi ana a komweko omwe, ndipo inu mufunikanso chitupa chokulolani kugwira ntchito m'dzikomo. Anthu otsatsa maphunziro pa intaneti amafulumira kunena za mayeso; za chitupacho amangodutsapo.

Wina anena kuti malamulo athu tinatengera ku England komweko, ndiye wophunzira kumeneko sangasowe pogwira kuno. Mbali ina ndi zoona: mfundo za mapangano ndi za kulipira chipukuta misozi zimafanana, ndipo majaji athu amatchulabe zigamulo za ku London. Koma taganizirani milandu imene Amalawi amabwera nayo kwa loya. Ndi ya malo a makolo, ya banja, ya kulandidwa chuma mwamuna akamwalira, ya kuchotsedwa ntchito. Iyi imaweruzidwa ndi Malamulo Aakulu a dziko a 1994, lamulo la maukwati la 2015, malamulo a za malo a 2016, ndi miyambo ya chikamwini kapena chitengwa. Palibe funso la SQE limene lidzakufunseni za mwinimbumba kapena mphamvu za nyakwawa pa munda. N'chifukwa chake pepala la kunja palokha silikutsegulirani khomo la Bwalo Lalikulu kuno. Njira yake imadzera ku Malawi Institute of Legal Education ndi mayeso ake, kenako kulandiridwa ndi Jaji Wamkulu, ndi kulowa m'bungwe la Malawi Law Society. Ndipo kuno sitigawa ntchitoyi pawiri. Loya yemweyo amalemba pangano m'mawa, masana n'kukaima pamaso pa woweruza.

Wina anenanso kuti ku London kuli ndalama. Zilipodi, m'makampani akuluakulu a maloya a zamalonda, ndipo digiri ya zachuma ingakuthandizeni kumeneko. Koma amenewo ndi ochepa pakati pa ambiri. Solicitor wa m'tauni yaing'ono woona za mabanja kapena za olowa m'dziko salandira zodabwitsa mukachotsa lendi ndi msonkho. Kuno nako si onse amalemera, koma ntchito njochuluka: ku Legal Aid Bureau, ku Unduna wa Zachilungamo, m'mabanki, ndi m'maboma momwe anthu amakhala pa rimandi opanda wowayimira.

Tsono, mayi, ngati moyo wanu mukuwuona kuno, funsirani malo ku sukulu ya zamalamulo ya University of Malawi ku Zomba, komwe amalandiranso anthu omwe ali kale ndi digiri ina, kapena ku yunivesite ina yomwe maphunziro ake a zamalamulo ndi ovomerezeka. Mufunse za kuvomerezekako musanapereke fizi. Loya wolandiridwa kuno atha kudzalemba SQE m'tsogolo, ndipo zaka ziwiri zija samufunsanso. Ngati mwatsimikiza zokakhazikika ku England, pezani kaye kumene mukagwire zaka ziwirizo, mayeso abwere pambuyo.