Chalichi Cacikuru ca ku Sens

M'dziko la France muli mzinda wochedwa Sens, ndipo pakati pace paimirira chalichi ca Stefano Woyera. Anayamba kucimanga pafupi ndi caka ca 1140, m'masiku a Arkibishopu Henri Sanglier.

Kufikira nthawi imeneyo amisiri anali kumanga makoma ocindikala ndi mazenera ang'onoang'ono, pakuti denga lamiyala limakankha khoma, ndipo m'kati munali mdima. Koma a ku Sens anakumanitsa miyala ya denga mosongoka pamwamba, naika mizere ya miyala yopingasana ngati nthiti, kuti kulemera kutsikire pa mizati. Wolowamo akapenyetsetsa adzaona kuti mizatiyo siilingana: pali wonenepa, kenaka iwiri yoonda yoimirira pamodzi, kenakanso wonenepa, cifukwa wonenepawo ndiwo usenza katundu woposa. Mamangidwe awa ndiwo achedwa Gothic.

Thomas Becket, Arkibishopu wa Canterbury, pothawa mkwiyo wa Mfumu Henry II, anakhala ku Sens kuyambira 1166 kufikira 1170. Atabwerera ku England anaphedwa m'chalichi mwace caka comweco.

Mu 1174 moto unaononga mbali ina ya chalichi ca Canterbury, ndipo amonke anaitana mmisiri William wa ku Sens, amene anawatengera mamangidwe a kwao. Mu 1178 iye anagwa pansanja ya omanga, napunduka. Anayesa ndithu kuyang'anira nchito ali cigonere, koma matendawo atakula anabwerera ku France, ndipo amene anaitsiriza ndiye William wina, Mngelezi.